Kusiyanitsa Siliva Weniweni ndi Wongokutira pa Kaunjika wa ku Toronto

Ziwiya za siliva zimene zimapezeka pa kaunjika mumzinda wa Toronto ndi madera ozungulira zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la siliva weniweni, kunja ndi m'kati momwe. Gulu lachiwiri ndi la ziwiya zosulidwa ndi mkuwa kapena zitsulo zina zotsika mtengo, kenako n'kukutidwa ndi siliva pang'ono pamwamba pokha. Zikapukutidwa n'kuikidwa pa shelefu imodzi zimanyezimira mofanana, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Supuni ya siliva weniweni, ngakhale itapindika kapena kuthyoka, imakhalabe ndalama, chifukwa osungunula zitsulo amaigula poyeza kulemera kwake. Supuni yongokutira ili ndi siliva wochepa zedi moti ambiri mwa osungunulawo saifuna n'komwe.

Malo ogulirako katunduyu ndi ambiri. Pali masitolo akuluakulu a kaunjika monga Value Village ndi a Salvation Army, timasitolo ta ku Kensington Market, masitolo a pinyolo a mu Church Street, ndi msika wa zinthu zakale wa ku Aberfoyle pafupi ndi Guelph. Nyengo yotentha ikafika, mabanja amayala katundu pakhomo Loweruka m'mawa. Nkhalamba ikamwalira kapena kusamukira m'nyumba yaing'ono, ana ake amagulitsa za m'nyumba zonse pa okushoni kapena pa intaneti, pa Kijiji ndi Facebook Marketplace. Achinyamata ambiri a ku Canada safuna ntchito yopukuta masupuni a agogo awo, n'chifukwa chake mabokosi athunthu a masupuni ndi mafoloko amatayidwa pa mtengo wozizira. Amalawi ndi Azambia amene angofika kumene ndipo akufuna ziwiya za m'nyumba, kapena mphatso yopita nayo kumudzi, amakumana ndi katunduyu kawirikawiri.

Siliva wopanda chosakaniza chilichonse ndi wofewa, sangapirire ntchito ya patebulo. Choncho amisiri amamusakaniza ndi mkuwa kuti alimbe. Muyezo wodziwika kwambiri ndi umene umatchedwa Sterling: pa magawo 1,000 alionse, magawo 925 ndi siliva, ndipo 75 otsalawo nthawi zambiri ndi mkuwa. Palinso miyezo ina. Ku Britain kuli wa 958, ku France kuli wa 950, ndipo ku Germany, ku Italy ndi m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya ziwiya zambiri zakale ndi za 800, 830 kapena 835. Zonsezi ndi siliva weniweni, kungoti kuchuluka kwake kumasiyana. Chiwiya chotere munthu atachidula pakati, mtundu wa m'kati ndi wa kunja ukhala umodzimodzi.

Zokutira zinayamba pofuna kuti anthu opeza pang'ono nawonso adyere zonyezimira. Cha m'ma 1743, mmisiri wina wa ku Sheffield, Thomas Boulsover, anapeza njira yomatira chipepala cha siliva pa mkuwa pogwiritsa ntchito moto. Njira imeneyi inagwira ntchito pafupifupi zaka 100, mpaka mu 1840 pamene George ndi Henry Elkington a ku Birmingham analembetsa njira yokutira ndi magetsi. Chiwiya chimamizidwa m'madzi a mankhwala momwe mwasungunuka siliva, magetsi akayatsidwa siliva uja amakakamira pachiwiyacho pang'onopang'ono. Siliva wokakamirayo amakhala wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu. Zili ngati laimu wopaka pakhoma la zidina: nyumba imayera mbee, koma pamene anthu amatsamira tsiku ndi tsiku dothi silichedwa kuonekera.

Chigawo cha Ontario chinali chimake cha ntchito yokutirayi. Kampani ya Meriden Britannia ya ku America inatsegula fakitale ku Hamilton mu 1879, ndipo Toronto Silver Plate Company inayamba ntchito mu King Street West mu 1882. Kunalinso mafakitale ku Niagara Falls ndi ku Trenton. Katundu wawo ankagulitsidwa m'masitolo akuluakulu monga Eaton's ndi Simpson's, ndipo pafupifupi ukwati uliwonse unkalandira thireyi kapena tipoti yonyezimira. Ngakhale kuti chigawochi chinatchuka ndi migodi ya siliva ya ku Cobalt kuyambira mu 1903, zambiri zimene zinalowa m'nyumba za anthu wamba zinali zongokutira. Wogula wanzeru amayamba ndi maganizo akuti chiwiya chimene wanyamula ndi chokutira, mpaka chiwiyacho chitapereka umboni wotsutsa.

Umboni woyamba, umenenso umathetsa milandu yambiri, ndi chidindo. Pa supuni ndi foloko chimakhala kuseri kwa chigwiriro. Pa thireyi, mbale ndi tipoti chimakhala kunsi kapena m'mbali pafupi ndi chogwirira. Pa mphete chimakhala m'kati, pa tcheni cha m'khosi chimakhala pa kachingwe kotsekera. Zilembo zake ndi zing'onozing'ono ndipo nthawi zina zimabisika ndi litsiro, choncho pamafunika kagalasi kokuzira zinthu, kapena kujambula ndi foni n'kuchikuza chithunzicho. Pa katundu wa ku Canada ndi ku America wopangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, lamulo lake ndi lapafupi: siliva weniweni amalembedwa mawu akuti Sterling kapena nambala 925. Mmisiri amene wawononga ndalama zake kugula siliva wochuluka chotero sabisa, amadinda poyera. Ngati mawuwo palibe, pangakhale nduwira zachifumu, mikango, nyenyezi ndi mayina apamwamba otani, mwachidziwikire chiwiyacho ndi chokutira.

Dzina la kampani palokha silitsimikizira kanthu, chifukwa makampani ambiri ankapanga mitundu yonse iwiri. Kampani ya Birks, imene Henry Birks anayambitsa ku Montreal mu 1879, ndi chitsanzo chabwino. Chiwiya chake cholembedwa Birks Sterling ndi siliva weniweni, pamene cholembedwa Birks Regency Plate ndi chokutira, ndipo kampaniyo sinabise zimenezi. Mu Toronto momwemo munali Roden Brothers, amene anayamba mu 1891 ndipo Birks inawagula mu 1953, komanso P. W. Ellis ndi Ryrie Brothers. Katundu wawo wa siliva weniweni amapezekabe, ali ndi mawu aja a Sterling kapena 925 pambali pa chizindikiro cha kampani. Dzina limene limasokoneza anthu ambiri ndi lakuti 1847 Rogers Bros. Woona nambalayo amayesa kuti wapeza supuni ya m'chaka cha 1847. Chakacho n'chimene abale a Rogers anayamba ntchito yokutira ku Hartford ku America, ndipo dzinali linapitiriza kudindidwa pa masupuni okutira kwa zaka zoposa 100.

Pali zilembo zimene zimanena poyera kuti chiwiya ndi chokutira, kwa amene akudziwa kuziwerenga. Zofala kwambiri ndi zilembo zinayi, E, P, N, S. Ziwiri zoyambazo, E ndi P, zimatanthauza kuti chiwiyacho chinakutidwa ndi magetsi, ndipo zotsatirazo zimatchula chitsulo cha m'kati. Choncho EPNS, EPBM, EPC, EP Copper ndi EP Brass zonse ndi zokutira. Chimodzimodzinso mawu alionse okhala ndi Plate, monga Silver Plate, Community Plate, Viking Plate, Marlboro Plate, Triple Plate ndi Quadruple Plate. Chizindikiro cha A1 chimangonena kuti anakuta mosaumira. Ziwiya zolemera za m'mahotela ndi m'sitima zapamtunda zolembedwa Silver Soldered nazonso ndi zokutira. Ndiye pali gulu lina loipirapo, la mayina okhala ndi mawu akuti siliva pomwe mulibe siliva ngakhale pang'ono: Nickel Silver, German Silver ndi Alpaca Silver. Zimenezi ndi msakanizo wa mkuwa, nickel ndi zinc, umene umangoyera ngati siliva.

Ku Canada kuli lamulo lotchedwa Precious Metals Marking Act, limene amaliyang'anira ndi a Competition Bureau. Lamuloli silikakamiza wopanga kudinda katundu wake, koma limati akadinda muyezo wa siliva, muyezowo ukhale woona, ndipo pambali pake pakhale chizindikiro cholembetsedwa cha mwini katunduyo kuti adziwike. Choncho nambala 925 imene yaima yokha, popanda chizindikiro cha wopanga, ndi yofunika kuikayikira. Palinso chidindo cha dziko, chimene chimaikidwa pa katundu wopangidwa mu Canada: chilembo C chozungulira mutu wa mkango pa zinthu zakale, ndipo pa zatsopano chilembo C chozungulira tsamba la mtengo wa maple.

Ku Britain zinthu ndi zosiyana, chifukwa kumeneko wodinda si mmisiri yekha. Kuyambira mu 1300 malamulo akhala akufuna kuti siliva ayesedwe kaye ndi oyesa apadera asanagulitsidwe. Popeza mabanja ambiri a ku Ontario anachokera ku Britain ndi katundu wawo, zidindo zimenezi zimapezeka kwambiri mu Toronto. Zimakhala tizithunzi tating'ono tondondozana. Kofunika kwambiri ndi kamkango koyenda, kotukula mwendo umodzi wakutsogolo, kamene kakhala chizindikiro cha Sterling ku England kuyambira mu 1544. Pambali pake pamakhala chizindikiro cha mzinda umene anayesera: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, ndipo Sheffield inali ndi nduwira yachifumu mpaka pamene inasinthidwa ndi duwa mu 1975. Kenako pamabwera chilembo chimodzi chosonyeza chaka, ndi zilembo zoyamba za dzina la mmisiri.

Opanga zokutira ankadziwa kuti ogula amakhulupirira tizithunzi timeneti, ndiye nawonso ankadinda tawo tofananako. Ankatenga zilembo za kampani yawo, ngakhale zilembo zomwe zija za EPNS, n'kuzilemba mokhotakhota mwachikale, chilichonse m'kabokosi kakekake. Woyang'ana mothamanga amaona mzere wa zidindo zinayi kapena zisanu n'kukhutira. Apa ndi pamene ambiri amagwiritsidwa fuwa la moto, nthawi zina ndi wogulitsa amene nayenso sakudziwa. Pa chiwiya cha ku England, funso lalikulu ndi ili: kodi kamkango koyenda kaja kalipo?

Manambala a ku Ulaya amafunanso kusamala. Nambala ya manambala atatu, monga 800, 830, 835, 900 kapena 925, imanena muyezo wa siliva weniweni. Ku Germany kuyambira mu 1888 amaikanso mwezi wokhala kumene ndi nduwira yachifumu. Koma supuni ya ku Germany yolembedwa 60, 90 kapena 100 ndi yokutira, ndipo nambalayo imanena magalamu a siliva amene anathera pokuta gulu lonse la masupuni ndi mafoloko. Nambala ya manambala awiri imene ili yosiyana ndi 84 ya pa ziwiya zakale za ku Russia, imene ndi siliva weniweni wa muyezo wa 875. Ku France siliva weniweni amakhala ndi mutu wa mkazi wovala chisoti, ndipo chizindikiro cha mmisiri chimakhala m'kabokosi kosongoka mbali zinayi ngati dayamondi wa pa makhadi, pamene cha zokutira chimakhala m'kabokosi ka mbali zinayi zofanana.

Chidindo chikafufutika kapena chikakhala chokayikitsa, maso amapita pa malo operepeseka. Supuni imatha kunsi kwa kamwa lake, pamene imakhudza tebulo, ndi kunsonga kumene imapala mbale. Foloko imatha kumano. Thireyi imatha pakati ndi pa maluwa otukuka a m'mphepete, tipoti imatha pa chogwirira ndi pa chivindikiro. Pa chiwiya chokutira, malo amenewa amaonetsa mtundu wina: kufiirira kwa mkuwa, chikasu, kapena kutuwa kosanyezimira kokhala ndi malire ooneka bwino. Nthawi zina siliva amatukuka timatuza kapena kusupuka. Madontho obiriwira ndi chizindikiro chakuti mkuwa uli poyera. Siliva weniweni amakalika, amaphwanyika, amapyapyala, koma mtundu wake susintha. Kuda kokha si umboni. Siliva amada akakumana ndi sulufule wa mumpweya, m'mazira kapena mu labala, ndipo popeza pamwamba pa chokutira palinso siliva, zonse ziwiri zimada mofanana.

Pali njira zingapo zimene anthu amazitama koposa muyezo. Maginito sakoka siliva, zimenezo n'zoona. Koma sakokanso mkuwa, ndipo sakoka msakanizo umene uli m'kati mwa masupuni ambiri okutira. Choncho chiwiya chikamata pa maginito ndiye kuti si siliva, koma chikapanda kumata nkhani sinathe. Ena amaika chibuluma cha madzi oundana pachiwiya, poti siliva amatenga kutentha msanga kuposa chitsulo china chilichonse ndipo madziwo amasungunuka mofulumira. Vuto ndi lakuti mkuwa umatsatira pafupi kwambiri, moti thireyi ya mkuwa yokutira imapambana mayeso amenewa mosavuta. Kugogoda kuti amve kulira kwake kumathandiza pa ndalama zachitsulo, koma pa ziwiya kulira kumadalira kwambiri kapangidwe.

Njira yodalirika imene munthu angachite kunyumba osawononga chiwiya ndi ya sikelo ndi madzi. Siliva ndi wolemera kuposa zitsulo zimene amakutira. Chidutswa cha Sterling chimalemera pafupifupi maulendo 10.3 kuposa madzi ofanana nacho kukula, mkuwa ndi 8.9, ndipo msakanizo wa mkuwa, nickel ndi zinc ndi cha m'ma 8.7. Supuni imayezedwa kaye ili youma. Kenako chikho cha madzi chimaikidwa pa sikelo, sikeloyo n'kubwezedwa pa ziro, ndipo supuni imamangidwa ku ulusi n'kumizidwa yonse osakhudza pansi kapena m'mbali. Nambala yoyamba imagawidwa ndi yachiwiri. Mwachitsanzo, supuni ya magalamu 52 ikaonetsa magalamu 5 m'madzi, yankho ndi 10.4, kusonyeza siliva. Ikaonetsa magalamu 6, yankho ndi pafupifupi 8.7, kusonyeza chokutira. Pamafunika sikelo yowerenga ndi tizigawo ta galamu tomwe, ndipo njirayi sigwira ntchito pa zinthu zamphako kapena zokhala ndi miyala.

Zamphakozi zili ndi msampha wakewake. Choikapo makandulo, kapena kabotolo ka mchere, chingakhale ndi mawu a Sterling oona ndithu, koma pambali pake pali mawu ena akuti Weighted, Reinforced kapena Cement Filled. Tanthauzo lake ndi lakuti siliva ndi chikopa chopyapyala chabe, ndipo m'kati anathiramo phula kapena simenti kuti chisagwe. Chimalemera m'manja, koma gawo lalikulu la kulemerako si siliva. Mipeni ya patebulo ilinso chimodzimodzi: mbali yodulira ndi chitsulo wamba, chigwiriro ndi champhako chodzazidwa. Wowerengera mtengo wa bokosi la ziwiya amaika mipeni pambali n'kuyeza masupuni ndi mafoloko okha.

Osula ndolo ndi mphete komanso a pinyolo ali ndi zida zina ziwiri. Choyamba ndi asidi amene amafiira akagwera pa siliva. Popeza pamwamba pa chokutira pamafiiranso, amayamba apala ndi tupa pamalo obisika kuti afike m'kati. Njirayi imasiya chipsera, choncho sichitika popanda chilolezo cha mwini katundu, ndipo asidiyo amawotcha khungu. Chachiwiri ndi makina a XRF, amene amaunika chitsulo n'kutchula zosakaniza zake m'masekondi ochepa osachivulaza. Makinawa amawerenga kwambiri za pamwamba, moti chiwiya chokutidwa mochindikala chingathe kuwasokoneza, ndipo odziwa ntchito amayesa malo angapo, makamaka operepeseka. Zida zimenezi ndi zofunika kwambiri pa ndolo, zibangili ndi matcheni atsopano otsika mtengo, chifukwa chida chodindira 925 aliyense angathe kuchigula, ndipo zachinyengo zambiri za masiku ano zili m'gulu limeneli, osati pa masupuni akale.

Ndalama zachitsulo zakale zimagulitsidwa m'malo omwewa, ndipo pa izo chaka ndicho chimanena zonse. Masenti 10, 25 ndi 50 a ku Canada anali a muyezo wa 925 mpaka 1919, kenako 800 kuyambira 1920 mpaka 1967. M'chaka cha 1967 ndi 1968 ena a masenti 10 ndi 25 anatsitsidwa kufika pa theka, ndipo mu 1968 momwemo boma linayamba kugwiritsa ntchito nickel. Apa maginito amathandiza kwenikweni, chifukwa ndalama ya 1968 ikamata ndi ya nickel, ikakana ili ndi siliva. Za ku America za masenti 10 ndi 25 zinali za muyezo wa 900 mpaka 1964. Masheleni a ku Britain ndi a ku Southern Rhodesia, amene ankayendanso ku Nyasaland, anasiya kukhala ndi siliva mu 1947, ndipo ndalama zoyamba za Malawi zimene zinayamba kuyenda mu 1964 zinalibe siliva ngakhale zinali zoyera.

Siliva akatsimikizika, mtengo wake wapansi umawerengeka. Pa msika wa dziko lonse amagulitsidwa pa muyezo wa troy ounce, umene ndi magalamu 31.1, ndipo mtengo umasintha tsiku lililonse, kawirikawiri umalengezedwa m'madola a ku America osati a ku Canada. Chiwiya cha Sterling cha magalamu 100 chili ndi magalamu 92.5 a siliva, pafupifupi ma troy ounce atatu. Ogula zosungunula amalipira mocheperapo kuposa mtengo wa pamsika kuti nawonso apezepo phindu, ndipo wogula m'sitolo ku Ontario kawirikawiri amawonjezera msonkho wa 13 peresenti. Chiwiya chakale kwambiri, kapena cha mmisiri wotchuka, chingathe kuposa mtengo wa siliva wake kutalitali, ndipo chotero chimapita kwa odziwa za zinthu zakale monga a okushoni ya Waddington's, imene yakhala mu Toronto kuyambira mu 1850, osati kwa osungunula.

Zokutira si zinthu zoipa. Masupuni okutira bwino amagwira ntchito zaka zambiri, thireyi yake imakongoletsa tebulo la alendo, ndipo zina zakale za njira ya Boulsover ija zimafunidwa ndi osunga zinthu zakale. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa siliva pa mkuwa. Wogula pa intaneti ayenera kupempha chithunzi chooneka bwino cha chidindo ndi kulemera kwa katunduyo m'magalamu asananyamuke ulendo wa ku Scarborough kapena Mississauga. Ngati chidindo sichikuwerengeka ndipo wogulitsa akukana kuti chiwiya chiyesedwe, mtengo woyenera kulipira ndi wa chokutira basi.